Rauta ya nyanga zambiri

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko. Maso a amayi ali bwanji? Kuno mlamu wako wapezako mphamvu, ndipo khanda likuyamwa ngati lili pa ganyu. Amene sali bwino ndine, ndipo wandidwalitsa ndiwe.

Laputopu ija ndinatumiza pa chifukwa chimodzi. Pafoni amayi amangoona chimbuuzi, ndiye ndinati mdzukulu wawo amuone pagalasi lalikulu ng'ala isanatseke diso lotsalalo. Ntchito yako inali kugula rauta basi, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndipo ndinanenetsa kuti ikhale yolowa simukhadi. Iwe unatengana ndi alamu athu a Injiniya, amene uinjiniya wawo unathera pa kusintha babu, n'kukasankha powerenga nyanga. Akuti ya nyanga zambiri ndiye imakoka netiweki kwambiri. Kodi mumagula tonde?

Chinthu mwagulacho chimafuna waya wa intaneti wochokera kukhoma. Khoma la kwathu ndimalidziwa: pali msomali wa kalendala ndi mng'alu wa abuluzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamlungu lija tinapangana kuti tionane pa laputopu ndinapempha tchuthi, bwana n'kundiyang'ana ngati ndawapempha impso. Mwana tinamusambitsa, tinamutchena, tinadikira mpaka anagona. Mlongo wathu wandiuza kuti amayi nawo anavala diresi lawo la kutchalitchi, n'kukhala patsogolo pa laputopu masana onse, akuonerera kamkombero kakuzungulira. Akuti anafunsa ngati kameneko ndi mutu wa mwana. Ndamva kuti unaseka. Ine sindinaseke.

Ndamvanso kuti a Injiniya apeza kuti vuto ndi fumbi, moti rautayo mwaifunditsa kansalu n'kuitsekera m'kabati yachitsulo. Ngakhale rauta yabwino ingafere m'menemo, achimwene. Si mbale za alendo.

Pempho langa ndi ili. Loweruka ukabweze chinyangacho kusitolo, usinthe ndi rauta yolowa simukhadi, ndipo upite wekha. Usanapite, bwereka mafoni a netiweki zosiyana, uime nawo pabalaza pamene amayi amakhala, uone imene ikukoka. Simukhadi ya rautayo ikhale ya netiweki imeneyo. Rauta ikhale ndi batire, poti magetsi a kwathu amabwera ngati mlendo. Ya mtengo wapakati ikwana. Yowala magetsi ngati basi ya usiku isiye. Tenga laputopu, rautayo uiyesere m'sitolo momwemo, undiimbire wogulitsayo akuona. Akakana kuyesa, kapena akakana kuti udzabweze ikavuta, tuluka. Kunyumba uiike pamwamba, poyera, pafupi ndi zenera.

Ukudabwa kuti kabokosi kakundipsetsa mtima chonchi? Amayi anauza mlongo wathu za ine kuti, "Musamuvutitse mwanayo, mdzukulu ndidzamuona ndi manja akadzabwera." Iwe ukudziwa kuti chaka chino sindingabwere. Mwana akusintha nkhope sabata iliyonse, ndipo diso lija silikudikira munthu.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa mlongo wathu ndi ana. A Injiniya uwauze kuti ndawapatsa moni, koma Loweruka atsale pakhomo, aziyang'anira babu.

Lamlungu likubwerali mwana timusambitsanso. Amayi uwauze avale diresi lija.

Ndine mkulu wako,
Bambo a khanda