Nkhama za Amama

Area 25, Lilongwe
14 Julayi

Okondedwa achimwene a Overton,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Bolero. Mwendo uja wasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti kwazizira chomene, ndipo madzi m'mipope akubwera mwa apo ndi apo.

Amama akupezako bwino. Dzulo anadya nthochi yathunthu, koyamba chifikireni kuno. Anasekako, koma ataphimba pakamwa ndi chitenje. Kuphimba kumeneko n'kumene kukundidya mumtima.

Ndikuuzeni zimene anapeza adokotala a mano. Akuti a Hezron pozula dzino lija ndi pulayala anathyolanso fupa, ndipo madzi amene anathira pabala kuti magazi asiye anali asidi wa batire. Adokotala atayang'ana m'kamwa mwa amama anandifunsa ngati wochita zimenezi ali m'ndende. Ndinachita manyazi kuyankha kuti ndi amuna awo a ankhazi athu, mlongo wa adada, ndipo Lamulungu lililonse amaimba kwaya.

Ndinafunsa chifukwa chake bala silimapola. Anandifotokozera kuti nkhama sizichedwa kupola, chifukwa munthu akavulala magazi amabweretsa uthenga wouza maselo kuti achulukane, atseke bala. Maselowo ali ndi tolandirira uthengawo, ngati timakutu. Asidi uja anapsereza maselo a pamalopo, moti uthenga umafika koma woumva panalibe. Fodya amene amama amaika m'kamwa nayenso akuti amagonthetsa maselo otsalawo. Ndawabisira kachitini kawo, ndiye masiku ano akundiyankha mopotoza khosi.

Choncho adokotala anapala mnofu wakufa, n'kutenga magazi a amama pamkono. Anawazunguza m'makina mpaka anagwirana ngati utomoni, n'kuwasokerera pabalapo kuti uthenga uchuluke pamene patsala maselo amoyo. Tsopano mnofu wofiira wayamba kumera m'mbalimbali. Koma akuti fupa silidzabwerera lonse, ndipo mano awiri oyandikana nalo awachotsa. Chimanga chootcha amama sadzakukutanso.

Msuweni wathu Nelly wandiimbira kuti ankhazi abweretsa mbuzi kwanuko, ati tikambirane pachibale, za kupolisi zinyazitsa mtundu. Amama nawonso akuti tisiyire Chiuta. Achimwene, ine sindinafike pamenepo. Inu simunawaone m'basi muja pobwera kuno, mafinya akudontha, anthu akusamuka pampando chifukwa cha fungo, iwo n'kumapepesa aliyense. Mayi amene anaphunzitsa ana a kwathu ku Nkhamanga kuwerenga mpaka kukalambira pa bolodi! Ndipo Nelly akuti Loweruka lapitali a Hezron anali pamsika ndi chikwama chawo chija, akuzula dzino mwana wasukulu. Choipa chitsata mwini, koma chikamachedwa ine ndichilondolera njira.

Mapempho anga ndi awiri. Mbuziyo ibwezeni, ndipo mutenge kabotolo ka madzi aja kamene a Hezron anawasiyira amama kuti azipaka, mukapereke kupolisi. Kali pawindo kuchipinda kwa amama. Musakagwire ndi manja, kutirani m'jumbo. Adokotala alemba zonse zimene anaona, ndipo mwezi ukatha ndibwera nazo ndekha.

Ndikufuna munthuyo akaime m'bwalo la milandu, anthu a pamsika akumuyang'ana. Ndikufuna amuvule yunifolomu ya kwaya pamaso pa mpingo. Ankhazi akalira, alire, ifenso talira. Ndikudziwa kuti ndinu a mtima wofewa ndipo akuluakulu akupanikizani. Mukagonja ndidzapita ndekha, koma sindidzaiwala kuti munawasiya okha amama.

Moni kwa alamu anga a Isabella, kwa asibweni a Laws, mlongo wa amama, ndi kwa ana onse. Amama akuti yewo chomene chifukwa chowasamalira nkhuku zawo. Ankhazi muwapatse moni, ndi mlongo wa adada, zimenezo sindingafufute. Amuna awo okha musawapatse. Moni wawo ndidzawapatsa ndekha, pakhomo la khoti.

Tsalani bwino,
Ine mlongo wanu,
Temwa