Mchere Ukadali Mumphika

Okondedwa mayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Lilongwe. Kodi mwendo uja wasiya kutupa chibwerereni kuchipatala ku Nguludi? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la mwezi uno latipatsa chifuwa tonse.

Atsibweni a Flywell anandiimbira foni. Akuti simukudya bwino chimvereni zoti ndikufuna kuchotsetsa ntchito mlongo wanga Mathero. Ndiye ndati ndikulembereni ndekha kuti mumve mutu wake.

Ntchito yanga mukuidziwa. Timayendera mafakitale kukayeza zonyansa zimene amataya mumtsinje, n'kuziyerekeza ndi katundu amene apanga. Wopanga zambiri koma wowononga pang'ono ndiye amakhala pamwamba. Chaka chino tinayeza mafakitale a sopo, kuphatikizapo ija amagwirako Mathero.

Madzi otuluka m'paipi yawo ankaoneka oyera kuposa a anzawo onse, koma anali ochuluka modabwitsa. Nditailondola paipiyo ndinapeza kuti amaphatikizamo madzi a pachitsime chawo, kuti zonyansa zisukuluke ife tisanatunge. Mayi, ndiwo zikawawa mchere inu n'kuthiramo madzi, mcherewo sunapite kulikonse, ukadali mumphika. Titawerengera zonse zolowa mumtsinje pa katoni iliyonse ya sopo, iwowo ndiwo anakhala kumapeto. Kumunsi kwa mtsinje umenewo anthu amathirira masamba ndi kuchapa matewera.

Bwana wawo anauza Mathero kuti adzalankhule nane, apo ayi aona msana wa njira. Mathero anabweradi, ndipo anakana ngakhale tiyi. Anati sukulu yandiiwalitsa abale. Ndinamuyankha kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma zonyansazo sindinathiremo ndine, ndipo zimene ndinayeza sindisintha. Lipoti ndinapereka kale.

Pempho langa ndi limodzi. Atsibweni akufuna kubwera nanu kuno kuti mudzapepese kwa bwanayo m'malo mwanga. Basi imeneyo musakwere. Simunalakwire munthu, ndipo mwendo wanuwo si wogwadira munthu woipitsa mtsinje. Mathero akamuchotsa, khomo langa ndi lotsegula mpaka apeze pena. Dimba langa la ku Milepa lija muwapatse akazi ake alime, ana asasowe ndiwo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Helena ndi ana, kwa achemwali ku Njuli, ndi kwa amayi onse a kutchalitchi. Atsibweni nawonso muwapatse moni wanga, ngakhale anandidulira foni ndisanamalize kulankhula.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Phoebe