Kachitini ka Soda ka Pawindo

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Kaya nakonso kumatentha ngati kuno? Ife tilipo. Okutobala wafika ndi ukali wake womwe uja. Malata a nyumba yathu kuno ku Dambwa akumalira okha masana, ndipo madzi a m'chigubu akumakhala ngati wina wawatereka pamoto. Ndikulemba pang'onopang'ono, poti mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza panjira. Pamene ndalakwitsa mundikhululukire monga munkachitira.

Ndiyambe ndi zabwino. Akulu anga a Tisa anachira kwawo ku Kazungula. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, Enelesi. Ali ndi chipumi chanu, komanso akalira anthu a nyumba yachitatu amamva. Atabwera naye kudzamuonetsa, atate anamuyika pamiyendo n'kumamupapasa nkhope ndi zala, chifukwa ng'ala ija yakula m'maso onse awiri. Tsopano amangoona kuti uku kwawala, uku kwada. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinapsa ndi dzuwa chisanabereke. Papaya wanu anauma. Koma mango uja munkamunena kuti ndi waulesi wabereka chaka chino mpaka tachirikiza nthambi ndi mitengo. Ndimati ndikamuyang'ana, ndimafuna kukuitanani kuti mudzaone.

Nkhani imene ndatengera cholembera ndi yochititsa manyazi, n'chifukwa chake ndikuuza inu.

Ndinapeza ntchito, amayi. Ndi pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi, pafupi ndi mtsinje. Ndimayala mabedi, kukolopa ndi kutsuka zimbudzi za alendo. Anandilemba mondiyesa kaye, akuti akaona kuti ndikuchita bwino adzandisunga. Ntchito imeneyi ndi imene ikutidyetsa ine ndi atate, palibenso ina. Minibasi imanditsitsa pamsewu waukulu, kenako ndimayenda pansi mpaka pageti, ndiye pofika ndimakhala nditanyowa kale. Yunifomu imene anandibwereka ndi ya nsalu yoterera yosalowa mphepo.

Tsiku lina ba Mutinta, amene amatiyang'anira ife a m'zipinda, anandiitanira m'chipinda chosungira mashiti ndi matawulo, n'kutseka chitseko. Anati, "Tikambenji, nchito yako ni yabwino, bedi umayala kuchila bonse. Koma mwana wanga, mulendo akamba ati ukachoka mu chipinda mumasala fungo ya thukuta. Ukonze iyi nkhani. Apo ayi, ine sinizakwanisa kukusunga." Sanakalipe, analankhula motsitsa mawu. Ine ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Munkanena kuti dzina langa munalisankha bwino, poti munthu akandifunsa kanthu ndimakhala ngati ndikudzifunsa kuti tikambenji. Tsiku limenelo sindinakambe chilichonse. Ndinapita kukalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Poweruka ndinatsikira m'tauni, n'kugula rolo-oni m'sitolo ina ya mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, ija atsikana onse amapaka m'khwapa. Inanunkhira bwino. Koma sabata isanathe m'khwapa munayamba kuyabwa, kenako munatuluka timatuza. Ndinasintha, n'kugula ya mtundu wina yolembedwa kuti ndi ya khungu lofewa. Zinali chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti inu simunkagwira zinthu zimenezi. Munkaseka n'kumati, "Izo n'za anzathu a khungu la ng'ona, ife lathu ndi la nthochi yakupsa." Mu minibasi ndinamva azimayi awiri akukambirana kuti ndimu amachotsa fungo. Ndinadula ndimu n'kupaka pa timatuza tija. Amayi, ndinaluma chitenje kuti atate asamve kukuwa kwanga.

Kenako ndinakumbukira kachitini kanu.

M'mawa uliwonse mukasamba munkaima pawindo la kuchipinda, mutafulatira chitseko, chitenje chili pachifuwa. Munkatenga kachitini kofiira kaja kolembedwa kuti soda, n'kutapa ufa woyera ndi zala, n'kupaka m'khwapa. Ine ndinkakuonani podutsa ndi tsache. Sindinakufunseni, ndipo inu simunatembenuke kuti mundiuze. Ndinkati zimenezo n'za akuluakulu, tsiku lake lidzafika. Ndiye nditakumbukira ndinasangalala, ndinati amayi andiyankha. Ndinapita pa kantemba, kasitolo kaja ka pakona, ndinagula soda yemwe timathira mu therere, n'kumupaka wambiri ndithu monga ndinkaonera inu.

Tsiku loyamba fungo linatheratu, ndinayenda mutu uli m'mwamba. Koma posakhalitsa khungu linafiira, linayamba kusupuka, m'mbali mwake munada bii. Manja sindinkatha kuwatsitsa. Ndinkayenda ngati nkhuku yomva kutentha, mapiko ali padera. Poyala bedi umayenera kutambasula manja kuti shiti igwe bwino, ndiye nthawi iliyonse ndikatero misozi inkangotsika yokha. Komabe ndinapitiriza kupaka, chifukwa ndinkati ngati amayi ankapirira, ine ndine yani. Pomaliza ndinapita ku kiliniki. Anesi anandiuza kuti ndisiye kupaka chilichonse, ndizingosamba ndi madzi mpaka papole. Ndinamvera. Fungo linabwerera, ndipo nthawi yondiyesa ija inali pafupi kutha. Ba Mutinta akamadutsa ndinkabisala m'bafa la alendo ngati ndikutsuka.

Atate ankamva ndikubuula povula. Ankafunsa kuti, "Mwanangu, n'chiyani?" Ine ndinkati ndatopa chabe. Za m'khwapa munthu angauze bwanji atate ake? A Tisa anali ndi khanda, sindinafune kuwasenzetsa zanga. Ndiye mawu anu aja anandibwerera, amene munkandiuza ndikamangoima pakhomo osanena chimene ndikufuna: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Loweruka masana ndinapita kumsika wa Dambwa kwa ba Namakau, mnzanu uja munkayandikana naye benchi. Akugulitsabe chinangwa ndi mafuta a mungongo, mtedza wa m'tchire uja, ochokera kwawo ku Senanga. Pa benchi yanu pali mayi wina wogulitsa makala, ndinayesetsa kusayang'anako. Ndinaima nthawi yaitali n'kumatembenuza chinangwa ngati ndikufuna kugula. Iwo anati, "Iwe mwana wa Enelesi, uzaimilila chabe monga mutengo wa malaiti? Kamba, nikumvela." Ndinawanong'oneza. Anandikokera kuseri kwa matumba, anatchinga ndi chitenje, n'kuti ndikweze dzanja. Ataona anagwira pakamwa.

"Mawe! Wapaka chani apa?"

"Soda, monga ankachitira amayi."

Anayamba kuseka, amayi, anaseka mpaka anakhala pathumba. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo tinalira tonse awiri kuseri kwa matumba a chinangwa. Atapukuta m'maso anati, "Soda? Amai bako soda inali kubaocha monga iwe! Chitini chabe ndiye chinali cha soda. Mukati munali vina."

Anandiuza zimene inu simunandiuzepo. Akuti mutangofika kuno kuchokera ku Katete, muli mtsikana wongokwatiwa kumene, kutentha kwa kuno kunakuzunzani. Munayesa za m'sitolo, munayesa ndimu, munayesanso soda, ndipo munapsa malo omwewa ndapsa ine. Munkachita manyazi ndi atate, munkasamba kangapo pa tsiku mpaka apongozi anu anayamba kudandaula za madzi. Amayi awo a ba Namakau ndi amene anakuphunzitsani. Umapala chinangwa chachiwisi, n'kuchifinya m'kansalu ndi madzi. Madziwo ukawasiya, pansi pamakhazikika ufa woyera wosalala. Umenewo umauyanika, n'kuusinja pamodzi ndi makoko a ndimu ouma pang'ono chabe, n'kusefa. Ukasamba umapukuta m'khwapa mpaka muume, umayamba wapaka kadontho ka mafuta a mungongo, ufa uja pamwamba. Chitini cha soda munangochikonda chifukwa chinkatseka bwino.

Pobwerera kunyumba ndinakumbukira chinthu china, ndipo ndinaima pamsewu. Titakuikani m'manda, abale ena anatsala pakhomo masiku angapo. Tsiku lina ndikuwaphikira therere soda wa kukhitchini anatha, ndiye ndinathamangira kuchipinda n'kukhuthulira mumphika zonse za m'kachitini kanu. Therere lija silinafewe, linangolimba n'kumanunkhira ndimu, ndipo azakhali anati soda ameneyo ndi wakalekale. Ufa wanu womaliza, umene munasinja ndi manja anu, tinadyera pamaliro anu osadziwa. "Safunsa anadya phula," munkatero. Ine ndiye ndinadyetsa ndi alendo omwe. Mwina kumeneko mukuseka. Sekani ndithu, ine polemba izi ndikulephera kuseka.

Ba Namakau anandichenjeza kuti makungu ndi osiyana. Anati mwana wawo amapaka soda tsiku lililonse ndipo sizimuchita kanthu, pamene wina ngakhale makoko a ndimu amamuyabwa. Anati ndidikire zilonda zipole, kenako ndiyese kaye mkati mwa chigongono, ndione ngati pafiire. Ndinachita zonse mwa dongosolo lake. Mafuta ndinayesa paokha, ufa paokha, kenako pamodzi. Sipanafiire. Anandiuzanso kuti ufa wokha sungalimbane ndi dzuwa la kuno tsiku lonse, ndiyenera kusamba m'khwapa masana ndi kusintha malaya a mkati.

Chimenecho chinafuna kuti nditsekule chitseko china. Ndinapita kwa ba Mutinta ndekha n'kuwapempha kuti azindilola kupita ku bafa la antchito nthawi ya chakudya. Ndinawaonetsa ndi zipsera zomwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga unali kubisa chani masiku yonse aya? Uziyenda." Sabata yatha tikupinda matawulo anaima pafupi nane nthawi yaitali. Kenako anati, "Pa Mande ubwele nikupime yunifomu yako. Iyi yobweleka ubweze." Ntchito ija andisunga, amayi.

Ndikanakonda kalata iyi ithere pamenepa, koma pali za atate.

M'mawa woyamba umene ndinapaka ufa uja, ndinawapititsira tiyi pakhonde pamene amakhala. Nditawerama kuti ndiwagwiritse kapu, anadzutsa mutu msanga, nkhope yawo inawala monga sindinaionere chichokereni inu. Anati, "Amake Tisa?"

Ndinaima ndi kapu m'manja. Ndinati, "Ndine Tikambenji, atate."

Anatsitsa mutu. Kenako anati, "Ndadziwa, mwanangu. Mphuno ndi imene yandinamiza." Tiyi uja sanamwe, ndinamupeza madzulo ali pomwepo, nyerere zili m'kapu.

Ine sindinadziwe kuti ndikununkhira inu, poti munthu sadzimva yekha. Chitenje chanu chobiriwira chija ndinachibisa pogawa zovala, sindinachichape, ndinkachinunkhiza ndikakusowani. Fungo lake linapita pang'onopang'ono mpaka chinangotsala chitenje. Ndinkaganiza kuti fungo limenelo linali la thupi lanu, kuti linapita nanu m'manda. Sindinadziwe kuti linali chinangwa, ndimu ndi mungongo, zinthu zimene zili pamsika tsiku lililonse.

Ndinawamvera chisoni atate, ndiye m'mawa mwake ndinapaka ufa wopanda makoko a ndimu, umene ndinapatula poyesa paja. Ndinati bola ntchito ndiisunge koma iwo ndisawavutitse. Nditawapatsa tiyi anagwira dzanja langa, osalisiya. Anati, "Lero wachotsamo chiyani?" Ndinawauza zonse, za loji, za soda, za ba Namakau, zimene ndinkati mwana wamkazi sangauze atate ake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndiye anati, "Maso anandilanda kale nkhope yake. Ichi usandilande. Ndikakuitana dzina lake, uzingondiyankha kuti ndiwe, ndizolowera."

Sanazolowerebe. Masiku ena amandiitana bwinobwino, masiku ena amati amake Tisa, ndipo ine ndimati ndine Tikambenji, atate, n'kuwagwiritsa kapu. Tiyi tsopano akumwa. Ndikatuluka pageti kupita kokwera minibasi ndimayamba ndapukuta m'maso, chifukwa kuntchito amafuna nkhope yosekerera.

Kachitini kaja ndinakapeza m'kabati, ndakatsuka, ndathiramo ufa watsopano, kabwerera pawindo pake. Koma mawu aja akuti soda ndawapala ndi mpeni mpaka afufutika. Enelesi wamng'ono akuoneka kuti watenga khungu lathu la nthochi yakupsa, thewera likangochedwa pang'ono amafiira. Ndikukulonjezani kuti akadzakula sindidzadikira kuti afunse, mwina adzakhala wamanyazi ngati ine. Ndidzamuitana kuchipinda, ndidzatembenuka kumuyang'ana, ndidzatsekula kachitini n'kumuuza zimene zili mkatimo ndi amene anatiphunzitsa. Mango akapsa ndidzabwera kudzalambula pamanda panu. Mukadzamva fungo lanu likubwera m'kanjira, musadabwe, ndidzakhala ndine.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani.

Mwana wanu,
Tikambenji