Dimba la Amayi Lisagulitsidwe

Beech Grove, Indianapolis

Okondedwa achimwene a Dixon,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Muli bwanji inu ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja watani, akuyenderabe ndodo?

Ife kuno tili bwino ndithu. Chisanu chatha, tavula majekete aja otisandutsa matumba a makala. Bambo a Madalo akugwirabe ntchito ku chipatala komwe kuja, inenso ndikusamalirabe okalamba. Madalo wakula, Chichewa amamva chonse koma poyankha ndiye Chingerezi chamumphuno. Yotivuta ndi galimoto basi. Tikuchokera ku ukwati ku South Bend inatizimira panjira, ine kukankha nditatchena, duku kumutu!

Uthenga wanu ndinaulandira. Mwati madzi a Shire akutopetsani, chaka ndi chaka kukokolola mbewu, ndipo kwabwera munthu wa nzimbe wofuna kugula dimba lija. Ndikudziwa mwakwiya kuti ndakhala chete, paja inu phuma munabadwa nalo. Koma dimbalo ndi la mbumba, lochokera kwa amayi, ndiye ine mwana wamkazi woyamba sindikanangoyankha mothamanga.

Kuntchito ndili ndi mnzanga wa ku Somalia, dzina lake Hodan. Amayi ake, a Sahro, ali ndi kagolosale pa Lafayette Road. Loweruka anatiitana kukadya kwawo. Anatipatsa mpunga wa nyama ya mbuzi, pambali pa mbale nthochi yakupsa. Ine ndinaikankhira uko kuti ndidye pomaliza. Kuseka kwake anthu aja! Akuti kwawoko nthochi umaiduladula n'kudyera kumodzi ndi mpunga. Ndinayesa mwamanyazi, koma achimwene, zimakoma. Alamu anu anachita kupempha ina.

Nthochiyo ndiyo inautsa nkhani. A Sahro ankalankhula chilankhulo chawo, Hodan n'kumamasulira. Kwawo ndi chigawo chotchedwa Shabele wa Kumunsi, monga ife timanenera kuti kumunsi kwa Shire. Likulu lake ndi Marka, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kwa asodzi. Mtsinje wa Shabele akuti umayenda motsata gombe koma m'nyanja sufikamo, umangothera m'madambo. Mvula imagwa kawiri pachaka, kwinako amathirira ndi ngalande. Amalima nthochi, chimanga, mandimu ndi chitowe, zambiri n'kupita ku misika ya ku Mogadishu. Chilimwe chikafika, abusa amatsika ndi ngamila ndi ng'ombe kudzamwetsa, mikangano ndi alimi n'kuyamba. Ndinati izitu ndi za ku Chikwawa zenizeni, kungoti ife ngamila tilibe. Mafuta a chitowe akuti amayenga ndi ngamila yomangidwa m'maso, ikuzungulira mtondo waukulu tsiku lonse.

Atamva kuti nanenso ndine wa kumtsinje, anandifunsa amene akulima munda wathu. Ndinayankha mosaganiza kuti mwina tiugulitsa chifukwa cha madzi osefukira. Mayi aja anasiya kudya. Anati kwawonso mtsinje umalusa, koma ukaphwa umasiya dothi latsopano, ndiye munda wolowa madzi ndi womwewo umadyetsa anthu.

Kenaka anatiuza za munda wawo wa nthochi pafupi ndi Janale. Anauthawa nthawi ya nkhondo, anthu ena n'kulowamo, mpaka lero ndi awo. Koma mvula ikayandikira, a Sahro amaimbira foni bambo amene akulimamoyo. Sakangana naye ayi. Amangomufunsa ngati ngalande yapalidwa, ngati mtengo wa mango wa kumalire ukadalipo. Bamboyo tsiku lina amayankha, tsiku lina amadula foni. Hodan amawakalipira kuti akudzichotsa ulemu, iwo amangoti nanga afunse ndani.

Achimwene, zinandikhudza kwambiri. Iwo munda anachita kulandidwa, ife tikufuna kuupereka ndi manja awiri.

Pempho langa ndi limodzi: dimba lisagulitsidwe. Ndikudziwa kuti khasu mukugwira ndinu, ine ndikungolamula ndili pa mpando wofewa, ndipo mukhoza kundinena, ndavomera. Ngati lakulemerani, apatseni achemwali a Joan alime chitowe madzi akaphwa, za mbewu ndi aganyu zikhale zanga. Wa nzimbeyo mumuuze mwaulemu kuti eni ake akana. Sindikufuna tsiku lina ndidzakhale ine woimbira foni mlendo, kumupempha kuti andiuze ngati m'dimba mwa amayi mwamera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono. Moni kwa alamu, kwa achemwali a Joan ndi ana, kwa amalume ku Nchalo ndi azakhali onse. Bambo a Madalo ndi Madalo akuti moni wambiri.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Theresa