Mkeka wa bambo pansi pa kachere

Okondedwa achimwene a Dhanraj,

Landirani moni wochokera kuno ku Sonpura. Amayi ali bwino, ng'ombe yathu yaswa, koma mvula yachedwa.

Taonani sitampa ndamata pa kalatayi. Ndi yatsopano, yolemekeza mabwalo a m'midzi. Bhikhu wa positi wandigulitsa akuyang'ana kumbali. "Mlongo, masiku ano bwalo sindifuna kuliona, ngakhale lapapepala," watero.

Mukudziwa kuti bwalo lathu siligamula kanthu akulu asanakwane asanu. Chimwalirireni bambo, mkeka wawo amauyalabe pansi pa kachere, ndipo kaliwo akamazungulira amamuikanso pamenepo. Pomuchotsa, fodya amakhala atatha.

Dzulo amakambirana zoti inu mudzalowe m'malo mwa bambo. Awiri anavomera, awiri anakana. A Ramdin, apampando, anacheukira mkeka uja, namvetsera, kenako anati, "Atatu avomera." Palibe anatsutsa.

Akulemberani okha. Ine ndingoti ntchito ya ku Bombay musafulumire kuisiya. Lero mmawa ndapeza mkeka watsopano pansi pa kachere. Wa bambo sanauchotse, watsopanowo uli pambali pake, ndipo aliyense akukana kuti sanayale ndiye.

Ndine mlongo wanu,
Kaushalya