Amene Ankasuntha Masiku a Kuchipatala

Lachinayi, 19 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti bambo ayambanso kudandaula mawondo. Mudabwa kulandira kalata yolemba pamanja kuchokera kwa ine pomwe foni ilipo. Ndasankha pepala dala. Pa foni mumayankha ndisanamalize kulankhula, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse mpaka kumapeto.

Nkhani yake ndi ya kompyuta ija munatisiyira mutabwera chaka chatha. Mukukumbukira mmene ndinakanira poyamba? Ndinati chinthu chopanda zithunzi, sikirini yakuda bii ndi timalemba toyera, n'cha anthu a ntchito yanu, osati ine wogulitsa nsalu. Inu munaseka n'kundikhazika pampando. Munati ndizingolemba mawu amodzi, kumbutsa, n'kudina batani lalikulu lakumanja, ndipo zonse za masabata awiri akubwerawo zizituluka zokha. Ndikafuna kusintha kanthu ndilembe kumbutsa lemba, fayilo itseguke, mzere uliwonse tsiku kumanzere, nkhani kumanja. Munatinso inuyo muzitha kulowamo muli komweko kudzera pa intaneti, kuti tizisamalira bambo limodzi ngakhale muli kutali.

Ndisaname, chinthucho chinandithandiza. M'mawa uliwonse ndisanapite kusitolo ndinkachitsegula tiyi ali m'manja, n'kuona tsiku lokatenga mankhwala, tsiku loyeza shuga, tsiku lobadwa la mwana wanu wamkulu. Ndinafika pomadzitama kwa anzanga kuti kwathu sitiiwala kanthu.

Zinayamba kusokonekera mu Epulo. Mukudziwa kuti munapangana ndi dokotala uja woona za kuiwala kwa okalamba kuti akawayeze bambo, ndipo tsiku lomwelo tinkayenera kulembetsanso mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Kompyuta inati Lachinayi. Ndinapempha tchuthi, tinavala bwino, tinakwera basi. Titafika, mayi wa pawindo anayang'ana m'buku lake n'kutiuza kuti tsiku lathu linali Lachiwiri, ladutsa, ndipo malo ena apezeka mu Juni. Ndinachita manyazi, ndinkaganiza kuti ndinalemba molakwika ndine. Mankhwala anatha tisanapeze ena, ndipo sabata yotsatira bambo anachita chizungulire n'kugwa pakhomo la kubafa. Chipsera cha pachikope chija munachiona pa chithunzi.

Ulendo wachiwiri ndinachenjera. Kakhadi kamene anatipatsa kuchipatala ndinakasunga m'chikwama changa, ndipo tsikulo ndinalilemba ndekha mu fayilo, n'kuliwerenga kawiri: 10 Juni. Kumayambiriro a mwezi uno nditatsegula, ndinapeza palembedwa 17. Ndinatulutsa kakhadi, ndinayerekeza, ndinakonza. Mawa lake panalinso 17.

Apa m'pamene ndinakuimbirani. Munati inu simunakhudzemo, ndipo makina sasintha tsiku okha. Kenako munandifunsa kuti, "Kodi amene amakhala pakhomo tsiku lonse ndani? Kamufunse mayi ujayo." Mawu amenewo anandilowa, achimwene. Mukudziwa kuti ine ndi mayi otipezawa sitinakanganepo chikwatiwireni ndi bambo, koma sitinagwirizanenso kwenikweni. Ndinayamba kukumbukira tinthu tambirimbiri. Ndi iwo amene amawerengera bambo mapiritsi. Ndi iwo amene anati kugwa kuja si nkhani yothamangira nayo kuchipatala. Ndikalowa m'chipinda chochezera iwo ali ndi bambo, nkhani inkaduka, wina n'kuyamba kufunsa za nyengo.

Ndinakumbukiranso kanzeru kena kamene munandionetsa, koti ukadina kabatani ka muvi woloza m'mwamba, mawu omaliza kulembedwa amabweranso. M'mawa wina ndinalemba mawu amodzi okha aja, kumbutsa, n'kutseka. Madzulo nditabwera ndinadina kamuvi kaja, ndipo panatuluka kumbutsa lemba. Choncho munthuyo anali wa m'nyumba momwemuno. Tsiku lotsatira ndinaika kaulusi kakuda pamwamba pa chivundikiro cha kompyuta. Pobwera ndinakapeza pansi pa tebulo.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi m'nyumba ya bambo anga. Ndinkawerenga mapiritsi m'botolo mayi otipeza akatuluka panja. Ndinkanunkhiza tiyi wa bambo. Ndikulemba izi nkhope ikundiyaka, koma ndi mmene zinalili.

Lachisanu madzulo ndinalephera kupirira. Ndinawapeza mayiwo kukhitchini akutsuka makapu, ndipo ndinatseka chitseko.

"Amayi, kodi kompyuta ija mumaigwira?"

"Ndimaipukuta fumbi, mwanangu."

"Fumbi lake limasintha masiku a kuchipatala?"

Anasiya kapu m'madzi n'kundiyang'ana. "Ukufuna kunena chiyani? Nena poyera."

"Ndikufuna kudziwa amene sakufuna kuti bambo aonane ndi dokotala. Anagwa chifukwa cha zimenezi. Akanamenyetsa mutu pa simenti bwenzi tikunena zina."

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena alira, kapena andilalatira. Iwo anangopukuta manja pa epuloni n'kunena kuti, "Ngati waganiza kuti ndine, ndine. Tsegula chitseko, madzi a bambo ako akuzizira." Yankho limenelo linandipweteka kuposa kukana, chifukwa ndinaona ngati avomera koma alibe nazo ntchito.

Loweruka ndinatsanzika ngati ndikupita kusitolo, koma ndinangofika pokwerera basi n'kubwerera. Ndinalowera chitseko chakumbuyo nsapato zili m'manja. Mayi otipeza anali panja akuyanika zovala, ndipo atandiona anatsegula pakamwa ngati akufuna kukuwa, kenako anangogwetsa mapewa. Ndiye ngati iwo ali panja, amene ndinkamumva akugogoda mabatani m'chipinda chochezera anali ndani? Kugogoda kwake sikunali kwa munthu wofufuza zilembo ndi chala chimodzi ngati ine. Kunali kwachangu, kosadukiza.

Anali bambo. Anakhala mowongoka, magalasi ali pamphuno, zala zonse khumi zili pa mabatani. Achimwene, ife tonse tinaiwala kuti munthuyu anataipa makalata mu ofesi mpaka kupuma ntchito. Tinkawaona ngati nkhalamba yoti tiziiuza nthawi yomwa mankhwala basi.

"Bambo!"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anamaliza kusintha tsikulo, anasunga fayilo, kenako anatembenuka. "Wabwera kudzandigwira? Khala pansi."

"Bambo, n'chifukwa chiyani? Mukudziwa kuti munatsala pang'ono kufa?"

"Za mankhwala zija ndinalakwitsa, sindinadziwe kuti amalembetsa tsiku lomwelo. Koma usandifunse ngati sukudziwa. Makiyi akukupatsa liti?"

"Makiyi a chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene ankatiyang'anira tili ana akafuna kudziwa amene waswa mbale. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lija munatilembera malangizo. Ine ndinkangodziwa mizere iwiri yoyamba. Pansi penipeni panali mzere wina woti ukalemba kumbutsa chaka umaona zonse mpaka Disembala. Bambo anati anayesa mawuwo mu Malichi, pofuna kudziwa tsiku lobadwa la mwana wanu wamng'ono kuti amugulire kanthu. Anawalembanso ine ndikuona, ndipo pakati pa masiku obadwa ndi oyeza shuga panatuluka izi. Ndikukopera monga zinalembedwera:

2 Seputembala, kutumiza kalata ya dokotala kunyumba ya okalamba
16 Okutobala, kukatenga bambo
30 Okutobala, wogula adzaone nyumba, makiyi kwa mlongo

Ndinawerenga, ndinawerenganso. Ine sindinalembe zimenezo. Mayi otipeza, monga ndinadziwira pambuyo pake, sadziwa n'komwe poyatsira. Watsala ndani, achimwene?

Bambo anati, "Popanda kalata ya dokotala, nyumba ya okalambayo singandilandire. Ndiye ndinaganiza kuti dokotalayo asandione. Ndimaiwala pamene ndaika magalasi, nthawi zina ndimaiwala ngati ndadya, zimenezo sindikukana. Koma sindinaiwale kuti ndili ndi mkazi. Tayang'ana bwino, pali mzere umene ukunena kumene iyeyu adzapite?"

Panalibe. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire nthawi yonseyi. Analoza mawu akuti makiyi kwa mlongo.

"Mlongo wake ndi iwe. Ndinkayesa muli limodzi."

Taonani mmene tinkakhalira m'nyumba muno. Ine ndikuwerenga mapiritsi pokayikira mayi otipeza, bambo akundiyang'ana m'mbali poganiza kuti ndagwirizana nanu zowagulitsira nyumba, ndipo mayiwo akudziwa zonse koma atalumbiritsidwa ndi mwamuna wawo kuti asanene. Nkhani zija zinkaduka ndikalowa zinali za ine. Ndinatuluka panja n'kukawapeza pa chingwe cha zovala. Ndinagwada pa udzu wonyowa n'kupepesa. Iwo anandidzutsa n'kunena kuti, "Dzuka, udetsa siketi. Gwira uku tipinde nsalu ya pabediyi." Tinapinda zovala zonse, ine misozi ili chuchuchu.

Madzulo ake tinakhala pansi atatu. Ndinawauza bambo kuti kuthawa dokotala kukupweteka iwo omwe, ndipo kalata ndi pepala chabe, silingawanyamule kuwatulutsa m'nyumba mwawo. Anakana kwa nthawi ndithu. Amene anawagonjetsa ndi akazi awo. Anati, "Ine ndatopa kunamizira fumbi. Tipite, tikamve zoona, ndipo ndikalowa nanu m'chipindamo."

Tinapita pa 10 paja. Dokotala anawafunsa mafunso ambiri, anawajambulitsa wotchi papepala, anawapatsa mawu oti awakumbukire. Ena anakhoza, ena anawasowa. Dokotala anati kuiwala kwayambadi koma kudakali koyambirira, anawalembera mankhwala, n'kunena kuti chofunika kwambiri ndi kukhala pamalo pamene anazolowera ndi munthu wowayang'anira. Atafunsa kuti kunyumba amakhala ndi ndani, bambo anagwira dzanja la akazi awo n'kulikweza m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Kalata inalembedwa. Bambo anaipereka kwa mayiwo, ndipo kumene anaiika ine sindikudziwa, sindinafunsenso.

Mizere yanu itatu ija sitinaifufute. Ndinkafuna kutero koma bambo anandiletsa. Anangowonjezera wawo pansi pa wa 16 Okutobala, wakuti: mwana wanga abwere adzandifunse ndekha. Ndikuganiza kuti munauona kale, chifukwa Lamlungu lapitali simunaimbe, ndipo uthenga wanga wa Lolemba simunayankhe.

Achimwene, sindikufuna kukuweruzani musanalankhule. Mwina mumagwiritsa ntchito fayilo yomweyo pa zanu n'kuiwala kuti kunonso imaoneka. Mwina munachita ndi mantha, poti muli kutali ndipo nkhani za kuno mumazimvera pa foni. Ndikudziwa kuti bambo mumawakonda. Koma pali zinthu zimene zikundisowetsa mtendere. Mizere ija bambo anaiona mu Malichi, asanagwe, dokotala asanawaone n'komwe. Wogulayo munamupeza liti? Dzina langa munaliikapo bwanji osandifunsa? Ndipo tsiku lija pa foni, pamene munati ndikafunse mayi ujayo, munkakhulupiriradi kuti ndi iwo, kapena zikanakukomerani ine ndi iwo titadana Okutobala asanafike? Funso lomalizali ndalifufuta kawiri m'mutu mwanga, koma ndaona kuti ndilibwezere. Ndiuzeni kuti ndikulakwitsa, ndidzasangalala kupepesa kachiwiri.

Kompyuta tikuigwiritsabe ntchito. Tsopano amene amaitsegula m'mawa ndi bambo, n'kutiwerengera mokweza ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Mukamabwera mutitengereko batire lake lina, ili likumatha msanga. Timapepala toyezera shuga tija munatumiza tatsala pang'ono kutha, ngati mungathe tumizani tina.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija anafuna ndawasungira. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Bambo akuti ndikupatseni moni. Ndinawafunsa ngati pali mawu ena oti ndilembe, iwo anati, "Umuuze kuti abwere ndi ana, ndiwaone ndikadawadziwa mayina." Mayi otipeza nawonso akupereka moni. Akudziwa zonse zimene munalemba ndi zimene munanena za iwo, komabe akufunsa ngati mudzagone m'chipinda chanu chakale kapena chakumbuyo, kuti ayambe kuyanika matiresi.

Bwerani, achimwene. Pakhomo tidzakutsegulirani tokha, koma makiyi a nyumba ino sindidzapereka kwa munthu.

Ndine mlongo wanu,
wamng'ono uja munamusiya ndi bambo