Funso lachitatu la Edna

6 Febuluwale 2006, Lolemba

Edna wabwera ndi homuweki yambiri. Masamu, Chingerezi, zaumoyo. Ine wolekezera Sitandade 6 ndiye mphunzitsi wake pakhomo pano. Kugawa 84 ndi 7 tawerenga ndi timiyala, tapeza 12. Chingerezi ndamuuza akafunse anzake. Funso lachitatu la zaumoyo ndayankha osaganiza n'komwe. Akuti mwana watupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiirira, akukana kudya, akudwala chiyani? Ndati lemba tsempho. Ndani sadziwa? Si zomwe apongozi akunena za Ida wanga kuyambira sabata yatha?

7 Febuluwale

Masamu wakhoza. Funso lachitatu, mtanda waukulu wofiira. Pambali Madamu alemba kwashiorkor, dzina lovuta ndi kulitchula komwe. Kalasi yonse akuti inaseka. "Amayi, mwandilakwitsa ndinu." Ndamukalipira, kenaka manyazi andigwira.

Koma talakwa pati? Matenda amodzi, maina awiri? Kapena matenda awiri ofanana nkhope? Sindikumvetsa.

8 Febuluwale

Apongozi andiletsa kuthira mchere m'ndiwo, akuthira ndi Edna. "Mwana satupa chabe, mwini wake akudziwa kumene anaponda." Atero akuyang'ana kumbali. Ine sindinaponde paliponse, Mulungu ndi mboni. Ndiye ndi bambo a Edna? Anabwera pa Khirisimasi kuchokera ku esiteti ya fodya ku Kasungu, tsiku lonse Ida ali pamiyendo pawo.

Mizu tikumumwetsa Ida, lero tsiku lachisanu. Phala walawa masupuni awiri okha. Kulira kwake kwachepa mphamvu, ngati kamwana ka mphaka.

10 Febuluwale

Homuweki ina yabwera. Lembani zimene mwadya kwanu masiku atatu, muziike m'magulu. Edna wajambula mizere bwinobwino ndi rula. Zopatsa mphamvu: phala la gaga. Zoteteza ku matenda: nkhwani, chisoso, nkhwani. Zomanga thupi: palibe. Mpata woyera kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Iye akuti, "Tingolemba mazira, Madamu sadziwa." Ndakana. Ndakhala ndikuuyang'ana mpatawo. Chimuletsereni kuyamwa mu Novembala, Ida wadya chiyani? Phala. Phala lomwelo, lopanda nsinjiro, mtedza unatha kalekale.

Kenaka Edna wandiwerengera zimene anakopera pabolodi. Akuti ukadina phazi ndi chala, pamatsala kadzenje. Ndisanamuletse wamudina mng'ono wake. Kadzenje katsala. Tadikira, osabwerera. Edna wasekerera kuti buku silinaname, koma atandiona nkhope wasiya.

Kodi buku lamudziwa bwanji mwana wanga?

12 Febuluwale, Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndalimba mtima, ndawaimitsa Madamu Chimbalanga. Ndati ndikufunsa za homuweki, funso lachitatu lija. Sanayang'ane kope. Avundukula nsalu kumbuyo kwanga, agwira phazi la Ida. "Mayi a Edna, iyi si homuwekinso. Mawa m'mamawa mukhale muli kuchipatala ku Kasinje."

Kunyumba ndawauza apongozi. Akuti wa tsempho akabayidwa jekeseni sabwerera wamoyo, anaziona ndi maso awo kwa mwana wa achemwali awo. Akuti ndidikire mwana wawo, bambo a Edna, abwere, tikhale pansi, wolakwa aulule, ndiye mizu igwira ntchito. Abwera liti? Fodya sanayambe n'kuthyola komwe.

Onse akulankhula ngati odziwa. Apongozi analera ana asanu ndi awiri. Madamu ali ndi buku. Ndikapita, mwana n'kumwalira ndi jekeseni, ndapha ndine. Ndikakhala, n'kumwalira pamphasa, ndaphanso ndine. Ichi sichigawika ndi timiyala.

Zikope za Ida zatupa, diso lakumanzere likungotseguka pang'ono.

13 Febuluwale

Apongozi apita kumunda. Ida wakana ndi madzi omwe. Edna sanapite kusukulu, waima pakhomo ndi yunifolomu, kope m'manja. "Amayi, mutenge ili mukawaonetse adokotala, mwina muiwala dzina lija."

Ndatenga. Ndikupita. Ambuye mundikhululukire ngati ndikulakwa.

15 Febuluwale, kuchipatala ku Ntcheu

Ku Kasinje sanachedwe nafe, anatitumiza kuno tsiku lomwelo. Anesi anadina phazi chimodzimodzi Edna. Jekeseni anabaya. Ndinatsinzina, ndikuwerenga mumtima, kudikira kuti asiye kupuma. Sanasiye. Lero tsiku lachitatu, akupumabe.

Ana otupa muno ndi ambiri, bedi ndi bedi. Amayi onsewa anaponda molakwika? Ndinawafunsa anesi kuti kodi ndi tsempho kapena ndi ija ya m'kope. Anangoti, "Mayi, mwetsani mkaka kaye, maina tikambirana akachira." Mkaka wake wa m'kakapu, pang'onopang'ono, nthawi ndi nthawi. Dzulo theka. M'mawa uno wamaliza, wagwiranso kapuyo ndi dzanja lake.

Kwa apongozi sikunabwere uthenga. Sindikudziwa ngati ndikadali ndi banja. Za pa Khirisimasi sindikudziwanso, mwina sindidzadziwa.

Kope la Edna lili pano, iye akulemba pati kusukulu? Ndatsegula pa funso lachitatu. Pansi pa mtanda wofiira ndakopera dzina lija ndi dzanja langa, chilembo chimodzichimodzi, kuonera za Madamu. Tsempho sindinafufute. Ndimati ndifufute, koma anesi akuitana, nthawi ya mkaka yakwana, Ida wadzuka ndipo akulira mokweza